Extension yapsa, waya wa batire ukutentha: tiwerengere limodzi ma amps

Mayi a ku Chibavi afunsa kuti: "Amisiri, m'mawa ndimayika ketulo ndi simbi pa extension imodzi. Tsopano pulagi yada, ikununkha pulasitiki wopsa. Kodi anandigulitsa yachinyengo?"

Mwina ndi yachinyengodi Mayi, koma ngakhale ikanakhala yabwino ikanatenthabe. Tembenuzani ketuloyo, pansi pake mupeza nambala yothera ndi W. Ambiri amalemba 2000W, simbi mwina 1200W. Amenewo ndi ma watts, mphamvu imene chipangizo chimadya. Magetsi a ESCOM amabwera ndi 230 volts, ndipo ma watts timawapeza pochulukitsa ma volts ndi ma amps, omwe ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya. Mukafuna ma amps, gawani ma watts ndi ma volts. Ketulo ndi simbi pamodzi ndi 3200W, kugawa ndi 230, tikupeza pafupifupi 13.9 amps.

Pulagi ya mano atatu ija fyuzi yake yaikulu ndi 13 amps, kutanthauza kuti malire ndi 2990W. Mwadutsa kale. Fyuzi siduka nthawi yomweyo mukapitirira pang'ono, imapirira uku mano a pulagi akutentha, ndiye kuda mukukuonako. Choipa n'chakuti ma extension ambiri otchipa ali ndi tiwaya towonda kwambiri, ena fyuzi mulibe n'komwe, ndipo ena mwa ife fyuzi ikaduka timakulungapo kawaya kuti ziyake basi. Zimenezo n'zimene zimawotcha nyumba. Mu June ndi July Mzuzu ikazizira anthu amawonjezanso hita ya 2000W pa extension yomweyo. Musatero. Ketulo, hita ndi hot plate, chilichonse chikhale pa soketi yakeyake ya pakhoma, ndipo pulagi yapsayo muitaye.

Nambala yomweyo imakuuzaninso za mayunitsi: yunitsi imodzi ndi 1000W kwa ola limodzi, ndiye hita ija ikayaka maola atatu yadya mayunitsi 6.

Mnyamata wina amene akuphunzira ntchito ku Luwinga akuti: "Ndili ndi multimeter. Ndingadziwe bwanji kuti element ya ketulo yafa?"

Element ndi waya wotenthetsa madzi, ndipo multimeter ndi mita yoyezera magetsi. Apa mpamene pamafunika resistance, kutanthauza mmene waya umalimbanirana ndi kuyenda kwa magetsi, imene timayeza mu ma ohms. Lamulo lake analifalitsa Georg Ohm wa ku Germany mu 1827: resistance ndi ma volts kugawa ndi ma amps. Ketulo ya 2000W imakoka 2000 kugawa ndi 230, ndiwo 8.7 amps. Ndiye 230 kugawa ndi 8.7 ndi pafupifupi 26 ohms. Zulani ketulo pamagetsi, ikani mita pa ma ohms, khudzitsani tizitsulo take pa mbali ziwiri za element. Ikaonetsa pakati pa 24 ndi 29, element ili bwino, kafufuzeni switch kapena thermostat, kachipangizo kozimitsa ketulo madzi akawira. Ikaonetsa OL (kusonyeza kuti magetsi sakudutsa), kapena 1 yekha chakumanzere, waya wa mkati waduka. Ikaonetsa pafupi ndi 0, pali short. Yezaninso pakati pa element ndi chitsulo cha ketulo, pamenepo payenera kuonetsa OL. Pakaoneka nambala iliyonse, ketuloyo ikhoza kugwira munthu.

Koma achimwene, musamakhulupirire masamu amenewa pa chinthu chilichonse. Babu lakale la 60W likuyenera kukhala ndi pafupifupi 880 ohms, koma mukaliyeza lozizira mupeza osafika n'komwe 100. Kawaya kake ndi ka tungsten, kamene resistance yake imakwera kwambiri kakatentha. Element ya ketulo ndi ya nichrome, yomwe sisintha kwenikweni. Pa mababu a LED ndi ma charger mita singakuuzeni zanzeru, chifukwa mkati muli ma circuit. Ndipo mita ikakhala pa ma amps musalowetse tizitsulo take m'soketi. Ma amps timayeza podula waya umodzi n'kulowetsa mita pakati.

Funso limene ndalikonda kwambiri lachokera kwa bambo a ku Mchengautuwa: "Ndili ndi batire ya 12 volts ndi inverter ya 300W. Waya wochokera pa batire ukutentha, chonsecho ndi 12 volts yokha. Zikutheka bwanji?"

Bambo, inverter imasandutsa 12 volts ya batire kukhala 230 volts, koma waya umatenthedwa ndi ma amps. 300W pa 230 volts ndi 1.3 amps chabe, koma 300W yomweyo pa 12 volts ndi 25 amps, ndipo zimapitirira pang'ono popeza inverter nayo imadyako. Kutentha kwa waya kumawerengedwa motere: ma amps kuchulukitsa ndi ma amps omwewo, kuchulukitsanso ndi resistance ya wayayo. Tiyerekeze kuti waya wanu, kupita ndi kubwera, uli ndi 0.05 ohms. 25 kuchulukitsa ndi 25 ndi 625, kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 31W. Mphamvu yonseyo ikungothera kuwotcha pulasitiki. Pa wayayo mukutayikanso 1.25 volts, ndiye inverter imayamba kulira ngati batire yatha pamene ikadali ndi moto. Ambiri amathamangira kukagula batire ina, vuto lili pa waya wautali.

Sendezani inverter pafupi ndi batire, waya usapitirire mita imodzi, ndipo ukhale wonenepa, wa 6mm² kapena kuposa. Mangani ma terminal ndi nati, osati kungopotera waya pamutu pa batire, chifukwa polumikiza polobodoka pamakhala resistance yakeyake ndipo mpamene pamayambira kupsa. Pafupi ndi mbali ya + ikanipo fyuzi ya 30 kapena 40 amps.

Wina wafunsa ngati charger ya 5V 2A ingawononge foni imene inabwera ndi ya 5V 1A. Ayi. Foni imakoka ma amps amene ikufuna, 2A ndi malire a charger basi, kusonyeza kuti ingapereke mpaka 10W. Choyenera kufanana ndi ma volts. Pa rauta kapena dikoda yolembedwa 12V, adaputa ya laputopu ya 19V musayese n'komwe, ngakhale kamutu kake kakulowa bwinobwino.