Kakhadi ka apongozi kakuti "mincemeat", koma nyama musagule

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene anakwatiwa ku Leeds, kuno ku England. Apongozi awo aakazi awapatsa kakhadi kakale kolembedwa pamanja ndi agogo a amuna awo, n'kuwauza kuti chaka chino ma mince pie, timapie totsekemera ta pa Khirisimasi, apanga ndi iwowo. Ndiye akufunsa kuti: "Pakhadipo palembedwa mincemeat, kodi ndikagule nyama yogaya? Nanga oz ndi gas mark 6 n'chiyani? Ndikuopa kuchita manyazi pamaso pa banja lonse."

Achemwali, nyamayo isiyeni kubutchala. Dzinalo ndi limene likusokonezani. Kalekale Angelezi ankaikamodi nyama ya nkhosa kapena ya ng'ombe, kusakaniza ndi zipatso zouma ndi zonunkhiritsa, moti ngakhale buku la zophika la Mrs Beeton la mu 1861 linkatchulabe nyama ya ng'ombe. Pang'onopang'ono nyamayo inatha, dzina n'kutsala. Lero mincemeat ndi mphesa zouma za mitundu itatu, raisins, sultanas ndi currants, maapozi owawasa a Bramley, makoko a malalanje ndi mandimu ophikidwa m'shuga, shuga wabulauni, sinamoni, nutmeg ndi brandy pang'ono. Chimene chatsala cha ng'ombe ndi suet, mafuta olimba aja okuta impso. M'masitolo a kuno mupeza a m'paketi a Atora, ogayagaya kale, ndipo aliponso ochokera ku zomera.

Ngati simukhudza mowa, thirani madzi a malalanje m'malo mwa brandy, koma musunge m'firiji ndipo musachedwe nazo, chifukwa mowawo pamodzi ndi shuga ndi zimene zimasunga zipatsozo m'botolo kwa miyezi.

Za miyeso sizovuta. Oz imodzi ndi magalamu 28, lb imodzi ndi magalamu 454. Makhadi ambiri akale amati ufa 8 oz, mafuta 4 oz, kutanthauza ufa magalamu 225 ndi mafuta pafupifupi 115, theka la ufawo. Ufa wake ndi plain flour, wopanda zofufumitsa. Gas mark 6 ndi kutentha kwa uvuni kwa madigiri 200 a Celsius, kapena 180 ngati uvuni wanu uli ndi fani, ndipo mphindi 20 zimakwana. Muyang'anenso ngati palembedwa lard. Amenewo ndi mafuta a nkhumba, ndiye ngati patebulo padzakhala Msilamu kapena wa Seventh Day, ikani batala yekhayekha.

Koma pamene ndikufuna muchenjere ndi pa manja anuwo. Ife tinakulira pa mandasi. Ufa ukangolowa m'beseni timaukanda ndi mphamvu mpaka uvomere, ndipo amayi ankatikalipira tikaunyengerera. Chigoba cha pie chimadana nazo zimenezo. Ine chaka changa choyamba kuno ndinakanda ngati ndikukagulitsa pamsika wa Limbe, ndipo zimene zinatuluka mu uvuni mukanatha kugendera mango. Anthu a kuno, mwaulemu wawo uja, anangoti zakoma, koma ndinkawaona akuviika mu tiyi mobisa. Ufa wa tirigu ukakandidwa ndi madzi umayamba kutamuka ngati lasitiki, zimene zimathandiza buledi koma zimaumitsa pie.

Ndiye chitani chonchi. Batala atuluke m'firiji ali gwaa, mumudule timabenthu, kenako muzimufikisa mu ufa ndi nsonga za zala zokha, kunyamula n'kusiya zigwe, mpaka zioneke ngati nyenyeswa za buledi. Zikhatho n'zotentha, zimasungunula mafuta. Madzi akhale ozizira kwambiri, masipuni aakulu awiri kapena atatu, osati kuthira ndi kapu. Zikangogwirana lekani pomwepo, kulungani, mugoneke m'firiji theka la ola. Podzaza musachite dyera: sipuni yaing'ono imodzi yosefukira pang'ono pa pie iliyonse. Mukachulutsa, shuga amawira n'kutuluka, kenako amamata pachitini moti pochotsa zimangophwasuka.

Tsopano chimene simunafunse. Makhadi a agogo amalemba theka lokha la nkhani. Taganizani mutawafunsa agogo anu ku Zomba kuti chigumu amathira soda wochuluka bwanji. Akuonetsani ndi zala ziwiri, n'kukuuzani kuti nthochi zikhale zakupsa kwambiri, basi. Kakhadi kanuko n'chimodzimodzi. Pena pamangolembedwa kuti madzi pang'ono, pena kuti uvuni wotentha, chifukwa wolembayo ankadzikumbutsa yekha, sankaphunzitsa mlendo. Zotsalazo zili m'manja mwa apongozi anu, amene anaimirira pambali pa amayi awo zaka zambiri. Ine ndikuona kuti pokupatsani khadi limeneli sakukuyesani. Chinthu chotere munthu sapatsa aliyense, ndipo mwina akungodikira kuti muwaitane. Aimbireni foni muwauze kuti, Amayi, bwerani Loweruka mudzandionetse mmene agogo ankachitira. Chaka choyambachi musasinthe kalikonse, ngakhale mutaona pa YouTube njira yooneka yapamwamba. Amuna anu ndi abale awo akufuna kukoma kumene anakudziwa ali ana, pamene ankasiyira Father Christmas pie imodzi ndi karoti pambale usiku wa pa 24 Disembala.

Mphika wa mpunga ndi nkhuku yathu muphikebe, palibe amene angakuletseni, ndipo mudzaona okha akuwonjezera. Koma mincemeat yo ikonzeni msanga, ikhale m'botolo masabata awiri kapena kupitirira kuti zipatso zimwe bwino. Mukawaimbira apongozi, muwafunsenso ngati agogo ankavindikira pie yonse kapena ankangoika kanyenyezi pamwamba. Zimenezo pakhadi salemba, koma patebulo aliyense aona.