Nyanja si yabuluu, achemwali

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Salima amene tsopano akukhala ku Durban. Amasoka nsalu zopachika pakhoma pogwiritsa ntchito zidutswa za zitenje. Akuti wasoka zisanu ndi ziwiri, zonse za nyanja, koma akaziyala pabedi zikungofanana ngati ana a mimba imodzi: madzi abuluu, dzuwa lofiira likulowa, bwato, msodzi ndi nkhafi yake. Akuti mutu wauma, ndiye akufunsa kumene ine ndimatenga maganizo atsopano.

Achemwali, musandikwiyire, koma chimene mwasoka kasanu ndi kawiricho si nyanja ayi. Ndi chithunzi chija tonsefe tinakula tikuchiona pa zojambula zogulitsa alendo ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear. Chinatilowa m'mutu mpaka tikangomva kuti nyanja, dzanja limathamangira lokha ku nsalu yabuluu. Inenso ndinasoka zoterozo zaka zitatu, ndipo zinkagulidwa, n'chifukwa chake ndinachedwa kuzindikira kuti ndikungobwereza.

Chinandichiritsa ndi mwera. Chaka china mu Julaye ndinakacheza kwa azakhali ku Nkhotakota, mphepo ija ili pachimake, asodzi atakokera mabwato kumtunda n'kumangosoka makoka pansi pa mitengo. Posowa chochita ndinatenga jumbo langa la zidutswa n'kukakhala padoko. Ndinkatulutsa chidutswa chimodzichimodzi, kuchikweza m'mwamba, n'kuchiyerekeza ndi madzi. Zabuluu zanga zonse, zimene ndinkazisunga ngati ndalama, palibe ngakhale chimodzi chinafanana nawo. Kutali madzi anali otuwa ngati phulusa lonyowa. Pafupi ndi gombe, pamene mafunde ankavundula mchenga, anali ngati tiyi wamkaka wochepa masamba. Pakatipo panali kamzere kobiriwira kamene kankaoneka n'kuzimiririka. Chimene chinafanana ndi madzi a tsikulo ndi mwendo wa thalauza lakale la sukulu la msuweni wanga, ndi layiningi ya jekete ya pakaunjika. Mayi wina amene ankatsuka mapoto pomwepo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati kunyumba kuli bwinobwino.

Kuchokera tsiku limenelo sindisokanso "nyanja". Ndimasoka kanthu kamodzi ka panyanja, pa nthawi imodzi ya tsiku.

Taganizani za usiku wa usipa. Kulibe mwezi, madzi ndi thambo zasanduka chinthu chimodzi chakuda bii, ndiye kutali kuli mzere wa nyali za asiginala amene akukopa usipa kuti anzawo awuzinge ndi khoka la chilimira. Ndinatenga nsalu zakuda zitatu zosiyana kaderedwe, ina yosuluka, ina yatsopano, ina yonyezimira pang'ono, n'kuzilumikiza mopingasa. Nyalizo ndinazipanga ndi timfundo ta ulusi wachikasu ndi woyera, ndipo pansi pa mfundo iliyonse ndinasoka kamzere kogwederagwedera. Mulibe bwato, mulibe munthu. Koma aliyense amene anagonako kunyanja akaiona amangoti, "Awo ali kuusipa." Nsalu imeneyo sindinagulitse.

Zina zikudikirabe. Usipa woyanika pathandala, mmene umaphethirira dzuwa likaomba. Nkhungu, tizilombo tija timatumphuka m'madzi n'kupanga mtambo wonga utsi wa lupsa pakati pa nyanja. Ming'alu ya bwato imene asodzi amaiphatika ndi malata ndi phula. Ndipo ngati mtima wanu uli pa buluu, buluu weniweni ali pansi pa madzi, pa mbuna za m'miyala ya pachilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, zamizeremizere yakuda ndi zipsepse zachikasu. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti malo aja akhale paki ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liwalembe pa mndandanda wake wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984. Banja la nsomba limene mbuna zilimo, lotchedwa cichlids m'Chingerezi, lili ndi mafuko oposa 700 m'nyanja yathuyi. Munthu atamasoka imodzi pa sabata akhoza kukalamba asanamalize.

Koma pali china chandidabwitsa m'kalata yanu. Mukukhala ku Durban, nyanja ya Indian ili pakhomo panu, koma simunaitchule n'komwe. Ndikumvetsa, kwanu n'kwanu, ndipo munthu akakhala kutali amasoka kwawo. Komabe nyanja yamchereyo ili ndi chinthu chimene yathu ilibe: madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Pitani pamalo amodzi m'mawa, mubwererenso pakatha maola asanu ndi limodzi, mudzapeza gombe lina. Mchenga wonyowa umasiyidwa ndi timizere ngati mpendero wosokedwa ndi munthu woledzera. Pitaninso mu Juni kapena Julaye, nthawi imene tinsomba ta sadini timabwera mwaunyinji chakum'mwera kwa mzindawo, anthu n'kumathamangira m'madzi ndi mabeseni. Mudzakumbuka usipa, ndipo mwina nsalu yanu yabwino idzachokera pamenepo, pamene nyanja ziwirizi zikumana m'mutu mwanu. Muli ndi mwayi winanso, shweshwe, nsalu yathonje ya ku South Africa, ali m'masitolo ambiri a nsalu. Wabuluu woderapo uja wa timadontho toyera amakhala bwino pa madzi a madzulo. Ingomuchapani kaye, amabwera wouma gwa ndi sitachi ndipo amatulutsa utoto.

Za kasokedwe ndinene zochepa. Thovu la mafunde musadule ndi sizasi, ng'ambani nsaluyo ndi manja kuti ulusi uyoyoke m'mphepete. Chitenje chitembenuzeni, kuseri kwake kumakhala kozizira mtundu ndipo nthawi zambiri n'kumene kumafanana ndi madzi. Mtundu wa mchenga musakagule: wiritsani makoko a anyezi kapena masamba a tiyi, muviikemo nsalu yoyera ya thonje usiku wonse. Yapolisitala siigwira, musataye nthawi. Dzimbiri la pangalawa mulipeza mukakulunga misomali yakale m'nsalu yonyowa ndi viniga kwa masiku awiri, kenako muchape bwino chifukwa dzimbiri limadya nsalu. Zigoba za nkhono ine ndinazisiya. Zimalemera, zimakoka nsalu, ndipo zimachititsa ntchito yabwino kuoneka ngati ya pamsika wa alendo, ngakhale anzanga ena amatsutsa zimenezi mwamphamvu.

Ndipo chepetsani. Nsalu yaikulu imaopsa, munthu umayamba kuganiza za ndalama za nsalu ndi amene adzagule, ndiye umathawira ku dzuwa ndi bwato zija. Dulani tinsalu khumi tofanana ndi chikhatho chanu. Loweruka likubwerali tengani jumbo la zidutswa, singano ndi ulusi, mukakhale pagombe ola limodzi foni ili m'chikwama. Kansalu koyamba kangokhala mizere itatu ya mitundu imene mwaiona ndi maso anu. Mukamaliza khumiwo munditumizire chithunzi, ndikufuna ndione kuti madzi a ku Durban ndi a mtundu wanji mu Ogasiti.