Musataye bearing yakale ija, itsukeni muyione kaye

Achimwene mwafunsa kuti bwanji bearing (kachitsulo ka maring'i awiri ndi timipira pakati komwe shafiti imazunguliramo) ya mota ya pampu yanu yayambanso kulira ndi kutentha pomwe mwangosintha kumene. Ine ndingoti musathamangire kunena kuti anakugulitsani feki. Mafeki aliko inde, koma chomwe chinapha yoyamba ija chikadali pompo, yatsopanoyi ifanso basi.

Nde tengani yakale ija, itsukeni ndi parafini muone kanjira koyendamo timipira. Mukaona timaenje totalikirana mofanana ndi mmene timipira tatalikirana, imeneyo ndi hamala, munthu anamenya ring'i yakunja poilowetsa pa shafiti nde mphamvu yonse inadutsira mu timipira nkudinda chitsulo. Apa ndi pomwe amakaniko ambiri amalakwitsa ndipo zimandinyansa, chifukwa bearing imakhala yafa isanazungulire nkomwe. Ikamalowa pa shafiti kankhani ring'i yamkati yokha ndi paipi yokwana bwino, kapena itenthetseni pang'ono ilowe yokha, osapitirira madigiri 120 a Celsius, ndipo osati pa lawi la moto chonde. Komanso ngati ndi yotseka kale yokhala ndi girizi mkati, zija za 2RS, osaiviika mu oilo wotentha.

Ikakhala yabuluu kapena yofiirira ngati yapsa, ndi kutentha, mwina girizi anauma kapena munachulutsa. Eya kuchulutsa kumaononganso, anthu amapopa mpaka atulukire mmbali poganiza kuti akuikonda, pomwe girizi wodzadza amangotakasika nkutentha. Theka la mpata wa mkatimo kapena kuchepera apo ndi zokwanira. Kanjira kokandikakandika ndi fumbi kapena mchenga, dzimbiri ndi madzi, ndipo poti yanuyo ndi pampu yang'anani silo, chija chotchinga madzi pa shafiti, ngati sikudontha. Timizere tambiri topingasa tondondozana ndi magetsi, zimachitika wina akawotcherera pa makina waya wa earth atauika poti moto udutsire mu bearing.

China chomwe ndikukaikira kwambiri kwa inu ndi lamba, ngati pampuyo imayendera lamba. Mphamvu yopanikiza bearing ikawonjezeka kawiri, moyo wa ball bearing, ya timipira ija, sutsika ndi theka ayi, umatsika ka 8, wa roller, ya tizitsulo togudubuzika mmalo mwa timipira, pafupifupi ka 10. Nde kukoka lamba mpaka gwa kuti asaterereke mukudya bearing yanu nokha, chimodzimodzi mapule, mawilo oyendapo lamba aja, akakhala kuti sanayang'anane bwino.

Ikayamba kusupuka tizitsulo mkati palibe zoipakanso girizi, sinthani. Tumizani chithunzi cha mkati mwake ndi nambala yolembedwa pambalipo tione.