Funsani Mlangizi: Malo okongola tili nawo, nanga alendo ali kuti?

FUNSO: Zikomo a mlangizi. Ndine membala wa komiti yachitukuko m'dera lathu. Tili ndi mathithi, phanga ndi phiri lokongola, ndipo msewu anatikonzera. Chipata ndi zimbudzi tinamanga. Koma alendo amabwera mwa apo ndi apo, amajambula zithunzi n'kubwerera tsiku lomwelo osasiya kanthu. Anzanga akuti tipemphe ndalama timange malo ogona. Kodi tikatero zinthu zisintha? Ndine bambo wodandaula.

YANKHO: Bambo, njerwa zidikire kaye. Ndiyambe ndakufunsani: alendo ochepawo amachokera kuti? Za mathithi anu anazimva kwa ndani? Amabwera miyezi iti, ndipo akachoka kwanuko amakagona kuti? Ngati komiti singayankhe, kumanga malo ogona kukhala kuponya mwala mumdima. Ikani kope pachipata paja, wolandira alendo azilemba zonsezi tsiku ndi tsiku mpaka chaka chithe. Azifunsanso funso limodzi lofunika: chikanakuchititsani kugona kuno n'chiyani?

Ndikunena izi chifukwa madera amene apita patsogolo pa zokopa alendo anayamba ndi kudziwa chimene ali nacho. Taonani ku Rwanda. Ku malo osungira nyama zakuthengo a Volcanoes National Park mlendo wochokera kunja kwa Africa amalipira madola a ku America 1,500 kuti akhale ola limodzi lokha pafupi ndi anyani akuluakulu aja otchedwa gorila, ndipo banja limodzi la anyaniwa limaonedwa ndi alendo 8 basi pa tsiku. Zimenezi zinatheka chifukwa kafukufuku wa anyaniwa wakhala akuchitika kuyambira 1967, pamene katswiri wina wa ku America, Dian Fossey, anakhazikitsa malo ofufuzira a Karisoke. Lero alendo asanadye n'komwe chakudya cham'mawa, akatswiri olondola mapazi amakhala atakwera kale phiri. Amayang'ana zisa zimene anyaniwo anagonamo, ndowe zawo ndi nsungwi zothyoledwa, kenako n'kuuza wotsogolera alendo pa wailesi kumene banjalo lalowera. Mlendo akalipira ndalama zonse zija amakhala akudalira maso a anthu amenewa. Boma nalo linachita mbali yake: kuyambira 2005 gawo la ndalama za m'mapaki limapita ku midzi yoyandikana nawo, ndipo mu 2017 gawolo linakwezedwa kuchoka pa 5 kufika pa 10 peresenti.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri, komanso chofanana ndi nkhani yanu, n'cha ku Namibia. Mu 1996 dzikolo linasintha lamulo kuti anthu akumidzi akhale ndi mphamvu pa nyama zakuthengo za m'dera lawo ndiponso pa phindu la alendo. Pano kuli mabungwe a midzi otere oposa 80. Alonda awo, amene ndi ana a m'midzi momwemo, amayenda ndi kabuku kolembamo nyama zimene aona, minda imene njovu zawononga, ndi misampha imene apeza. Wabizinesi akabwera kuti akufuna kumanga loji, mudzi umakhala pansi naye ukudziwa bwino chimene uli nacho, ndipo suvutika kumuuza kuti zimene akupereka zachepa. Mudzi wopanda kabuku umangolandira chilichonse n'kuthokoza.

Palinso nzeru imene makomiti ambiri amaipondereza, ndipo zimandipweteka. Kwanuko kuli agogo amene akudziwa chifukwa chake phanga lija linapatsidwa dzina limenelo, ndi amene anabisalamo kalekale. Kuli alenje akale odziwa mbalame iliyonse pongomva kulira kwake. Mathithi munthu amawaona mphindi makumi awiri n'kukhuta, koma ulendo wa m'bandakucha wokaona mbalame, kapena nkhani za phanga zofotokozedwa bwino, zimamupatsa chifukwa chogonera. Achinyamata anu akhale pansi ndi akuluakuluwa, alembe, ajambule mawu pa foni, aphunzire kulankhula ndi alendo. Ndipo akuluakuluwo azilipidwa, komanso azisankha okha zoti zinenedwe ndi zoti zikhale zawo. Si zonse zoyenera kugulitsa.

Dziwaninso malire a malo anu alendo asanachuluke. Ku Thailand gombe la Maya Bay linatsekedwa mu 2018 maboti ndi khamu la anthu atawononga zamoyo za m'nyanja, ndipo linatsegulidwanso mu Januwale 2022 ndi malamulo okhwima. Kanjira kanu kopita kuphanga kangapirire anthu angati pa tsiku? Yambani kuyang'anira pano.

Kwa akuluakulu a boma, komiti yanu ipemphe zinthu ziwiri. Choyamba, chiwerengero cha alendo chimene amasonkhanitsa chizibwereranso kwa inu, chisamangothera m'maofesi a kulikulu. Chachiwiri, akuthandizeni kugwirizana ndi madera oyandikana nanu, chifukwa makampani oyendetsa alendo amagulitsa ulendo wa masiku angapo, ndipo dera limodzi palokha siliwakwanira.

Tsono za malo ogona aja. Kope likadzaonetsa kuti ambiri ndi ana asukulu ndi mabanja obwera Loweruka, mudzafunika mthunzi, madzi ndi podyera. Likadzaonetsa anthu ochokera kutali ofuna kukwera phiri m'mawa, yambani ndi malo omangapo matenti ndi bafa laukhondo. Malo a matentiwo akamadzaza kwa nyengo ziwiri zotsatizana, kaitaneni amisiri omanga.