Yankho kwa achimwene ofunsa za nsambo za besi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mumaimba besi kutchalitchi kwanu, nsambo zomwe zilipozo mudazipeza momwemo pogula gitalayo zaka ziwiri zapitazo, pano zikumveka ngati mwazifunditsa bulangete, ya G yaduka Lamulungu lapitali, ndiye mukufuna kudziwa kuti mugule ziti, komanso ngati n'zoona kuti kuziwiritsa kumazidzutsa. Ndaona ena akuyankhani kale kuti gulani zilizonse bola zikhale zinayi. Pamenepo ine ndakana. Nsambo za besi n'zodula, ndipo mukagula zolakwika mukhala nazo chaka chathunthu mtima ukuwawa.

Tiyambe ndi chimene chapha nsambo zanuzo, chifukwa mukachimvetsa ichi zina zonse zibwera zokha. Nsambo ya besi ili ndi waya wachitsulo mkati, ndiye pamwamba pake anakulungapo waya wina kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mukaiyang'anitsitsa padzuwa muona timizere tosawerengeka. M'timizere imeneyo ndi momwe mumalowa thukuta, mafuta a m'manja, tizikhungu ta zala ndi fumbi. Zimenezi zikauma zimakhala ngati phula, nsambo imalemera mosafanana, imalephera kunjenjemera momasuka, ndipo mawu owala aja ndi amene amayamba kusowa. Mchere wa m'thukuta umabweretsa dzimbiri. Pansi pake, pomwe imakhudzana ndi ma fret, tizitsulo topingasa tija ta pakhosi la gitala, imaphwatalala pang'onopang'ono. Ikafika pamenepo mudzatchuna bwinobwino, koma mukakwera chakumtunda kwa khosi manoti ayamba kuphonya. Choncho nsambo sikuti zimafa ndi zaka ayi, zimafa ndi zomwe timazipaka ndi manja athu omwewa.

Tsopano mitundu. Zomwe muli nazozo mosakayikira ndi roundwound, chifukwa ndi zomwe zimabwera ndi magitala ambiri. Waya wokulungawo ndi wozungulira, mukayendetsa chala zimalira kuti tswii. Zidatchuka kuyambira 1966 pamene kampani ya Rotosound ku England idatulutsa Swing Bass 66 mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who, yemwe ankafuna besi yomveka mowala ngati piyano. Ngati mumamenya slap, kuja komenya nsambo ndi chala chachikulu, kapena mumathamangitsa zala m'njira ya sungura monga amachitira Alick Macheso, pomwe noti iliyonse iyenera kumveka payokha, izi ndiye zanu. Vuto lake ndi lomwe ndanena lija: timizere n'tozama, litsiro limalowa msanga.

Pa roundwound pomwepo pali za nickel ndi za stainless steel. Za stainless zimawala kwambiri, dzimbiri silizigwira msanga, koma n'zokhakhala, zimadya zala komanso ma fret pakapita nthawi. Za nickel n'zofewa kugwira, mawu ake ndi ofunda pang'ono. Kwa munthu woimba kutchalitchi, komwe kuli kale kiyibodi ndi gitala ya lidi zolimbirana mawu a pamwamba, ine ndimati nickel. Kupatula ngati thukuta lanu lili lowawa, loti nsambo zatsopano zimada pasanathe mwezi, kapena khungu lanu limayabwa likakhudza nickel. Pamenepo pitani ku stainless.

Koma mtundu womwe ndikufuna muuganizire mofatsa ndi flatwound. Izi anazikulunga ndi waya wophwatalala, ndiye pamwamba pake n'posalala ngati sipoko ya njinga. Mulibe mipata yoti litsiro libisalemo. Mawu ake ndi okuya, onenepa, aja omveka m'chifuwa osati m'makutu. James Jamerson, yemwe adaimba besi pa nyimbo zambiri za kampani ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankagwiritsa ntchito flatwound zonenepa za La Bella pa Fender Precision yake, ndipo sankazisintha pokhapokha itaduka. Aston Barrett wa The Wailers nayenso ankaimba flatwound pa Fender Jazz Bass. Ndiye ngati khutu lanu lidakulira pa reggae ngati ambirife, ngati mawu a besi omwe mumawamva m'mutu ndi aja a ku Chileka, mwina mwakhala mukuvutika ndi kuzimitsa treble, mawu a pamwamba aja, pa ampu pofuna mawu omwe flatwound imatulutsa yokha. Pogula zimadula kuposa roundwound, zimalimba pang'ono kudina, ndipo sabata zoyamba zimamveka mwachilendo. Koma seti imodzi imatha kukhala zaka zambiri, ndipo ikamakalamba m'pamene imakoma. Kwa munthu amene sangakwanitse kugula seti miyezi itatu iliyonse, masamu ake ndi osavuta. Ine besi yanga yomwe ndimapita nayo kutchalitchi ili ndi flatwound, ndipo chiikireni sindinaganizepo zobwerera. Chokhacho, ngati gulu lanu limaimba nyimbo zambiri zofuna slap, musagule, simudzasangalala nazo.

Palinso zokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala, monga za Elixir. Zimasunga kuwala nthawi yaitali ndipo zimathandiza kwa okhala kunyanja, koma mtengo wake ndi wokwera, komanso kuno sizipezekapezeka.

Manambala olembedwa papaketi asakuopseni. Mukaona 45-65-85-105, ndiko kunenepa kwa nsambo iliyonse kuyambira G, D, A mpaka E, poyeza m'magawo 1,000 a inchi. Ndiye 45 ndi pafupifupi milimita 1.1, pomwe 105 ndi pafupifupi mamilimita 2.7. Seti ya 45-105 kapena 45-100 ndi ya pakatikati, ndipo magitala ambiri amachoka nayo kufakitale. Ya D'Addario yolembedwa EXL165 ndi 45-105, EXL170 ndi 45-100, Hybrid Slinky ya Ernie Ball ndi 45-105. Popeza simukudziwa manambala a zomwe zilipozo, yambirani pamenepa. Zoonda monga 40-95 n'zofewa kudina koma zimagunda ma fret mukamenya mwamphamvu. Zonenepa zimakoka khosi kwambiri. Dziwani kuti nsambo zinayi zikatchunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, ndiye mukasintha manambala kwambiri khosi limapindika kapena kuwongoka, ndipo mufunika kukhudza chitsulo chomwe chili mkati mwake, truss rod. Chimenecho musachipotokole mwaukali. Kagawo kamodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, kenako dikirani muone. Ngati chikukana, siyani, pitani nayo kwa munthu wodziwa.

Chinanso chomwe ambiri amaphonya ndi kutalika. Tengani tepi muyeze kuchokera pa nut, kafupa kaja ka kumutu komwe nsambo zimadutsapo, kufika pa fret ya 12, kenako wirikizani kawiri. Mukapeza mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, ndi long scale, muyezo womwe Fender adayamba nawo pa Precision Bass mu 1951 ndipo magitala ambiri amatsatira. Mukapeza 30 ndi short scale, ndipo nsambo za long scale sizikhala bwino, chifukwa mbali yonenepa ikakulungidwa pachotchunira imatha kusweka, makamaka flatwound. Mukapeza 35, kapena ngati nsambo zimadutsa m'thupi la gitala kuchokera kumbuyo, funani zazitali zake.

Pa nkhani yogula ndikuchenjezeni ndi zomwe zidandichitikira. Ndidagulapo seti m'shopu ina m'tauni, paketi yokongola, dzina lodziwika, mtengo wotsika moti ndidasangalala. Nditaika, ya E idali yakufa kuyambira tsiku loyamba, ndipo pasanathe sabata zitatu ya D idayamba kumasuka pafupi ndi kampira kachitsulo ka kumapeto kwa nsambo. Zidali zachinyengo. Zandiwawa mpaka lero chifukwa ndalamayo ndidaisunga nthawi yaitali. Ngati mtengo watsika kwambiri kuyerekeza ndi kwina konse, kayikirani. Onani ngati zilembo papaketi zili zoyera, ngati thumba la mkati lili lomata bwino, komanso ngati nsambozo zilibe timadontho ta dzimbiri. Za D'Addario zenizeni zimakhala ndi nambala pathumba yomwe mungaitsimikize pa intaneti. Ngati muli ndi m'bale ku Joni yemwe akubwera, mutumizireni dzina ndi manambala enieni akagule m'shopu ya zoimbira, osati pamsewu.

Musagule ya G yokha n'kuiphatikiza ndi zitatu zakalezo. Idzalira yokha ngati belu pomwe zinzake zili duu. Sinthani zonse, ndipo zakale zitatuzo muzitsuke n'kuzisunga m'chikwama, tsiku lina zidzakupulumutsani pakati pa mapemphero. Komanso onani pomwe ya G yadukira. Nsambo ya besi siiduka wamba. Ngati yadukira pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zimakhalapo pathupi la gitala, gwirani pomwe imakhalapo, mwina pali kakuthwa kofunika kusalaza ndi sandipepa yosalala, apo ayi yatsopanonso idukira pomwepo.

Poika, sinthani imodziimodzi kuti khosi lisamasuke lonse nthawi imodzi. Ikokeni kupitirira chotchunira chake ndi masentimita 8 kapena 10, ipindeni pamenepo kaye, kenako dulani kutsogolo kwa popindapo. Kupindako kumateteza kuti waya wakunja usaterereke pa wamkati. Lowetsani nsonga m'dzenje la chotchunira, ndipo zungulizani ndi kiyi, osati kukulunga ndi dzanja, chifukwa kukulunga ndi dzanja kumapotokola nsambo n'kuipha isanaimbe n'komwe. Mizere iwiri kapena itatu, uliwonse pansi pa unzake. Mukatchuna, idineni pang'ono pafupi ndi bridge kuti ikhazikike, ikokeni mofatsa, tchunaninso, mpaka isiye kutsika. Pomaliza yerekezani noti ya nsambo yosadina ndi ya pa fret 12. Ya pa fret 12 ikakwera, bwezani kachitsulo komwe nsamboyo imakhalapo pa bridge kumbuyo, kutali ndi khosi. Ikatsika, kasunthireni kutsogolo.

Za kuwiritsa, inde zimagwira, koma musayembekezere zambiri. Mukaziika m'poto wa madzi owira kwa mphindi 10 kapena 15, mafuta amasungunuka ndipo muona litsiro likuyandama. Zimawalanso, mwina kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma madzi amalowa mpaka ku waya wamkati, ndipo mukapanda kuziumitsa bwino, dzimbiri limayambira komwe simungalione. Kuwiritsa sikubwezanso pomwe ma fret adadya. Poto wake asakhale wophikira ndiwo. Njira yomwe ine ndimakonda ndi sipiriti, yemwe uja wofiirira wa ku famase kapena ku hadiweya. Zikulungeni, ziikeni m'botolo la kukamwa kwakukulu, thirani sipiriti, tsekani, zigone usiku wonse. M'mawa zipukuteni, ziyanikeni, sipiriti amauma yekha msanga. Muchitire kutali ndi mbaula kapena kandulo, ndipo sipiritiyo asadonthere pa utoto wa gitala. Zokutidwa ndi pulasitiki zija musaziwiritse kapena kuziviika. Flatwound sizifuna zonsezi, kupukuta basi. Koma zanuzo, zaka ziwiri komanso imodzi yaduka kale, zitsukeni kuti zikhale zapadera, osati kuti zibwerere pa ntchito.

Chomwe chidzasunge seti yatsopanoyo ndi chinthu chosafuna ndalama. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire gitala, muume bwino. Ambirife timadzola Vaseline kapena glycerine tikamapita kutchalitchi, makamaka mu June ndi July khungu likamauma, kenako n'kukagwira besi ndi manja omwewo. Ena timadya mandasi kapena tchipisi pa nthawi yopuma pokonzekera nyimbo. Mafuta onsewo amathera m'nsambo. Mukamaliza kuimba, tengani kansalu kouma ka thonje, ngakhale ka T-shirt yakale, pukutani nsambo iliyonse payokha, pamwamba ndi pansi pomwe, kuchokera ku bridge mpaka kumutu. Pansipo ndi pomwe ambiri amaiwala, chonsecho ndi pomwe thukuta limadikha. Sizitenga mphindi ziwiri. Mu October, kukatentha, pukutani ngakhale pakati pa nyimbo. Musapake mafuta ophikira kapena WD-40 ngakhale wina akuuzeni kuti zimaterera bwino, zimangoitana fumbi.

Ngati besiyo imaimbidwa ndi anthu angapo, kansaluko kazikhala m'chikwama momwemo ndipo mugwirizane nonse. Gitala isagone pa simenti kapena kutsamira khoma lachinyezi nthawi ya dzinja, isasiyidwe m'galimoto padzuwa, kapena m'kachipinda kamalata kotentha. Timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato tiponyeni m'chikwama, makamaka ngati muli ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay. Simufunika kumasula nsambo mukamaliza kuimba, khosi lidapangidwa kuti lizinyamula katunduyo.

Ndiye kwa inu: ngati nyimbo zanu zambiri zili za reggae ndi zoyamika zodekha, pirirani musonkhe ndalama ya flatwound, 45-105 kapena 45-100. Ngati mumafuna kuwala ndi slap, nickel roundwound ya manambala omwewo. Tandiuzani pomwe ya G yadukira, muyezo womwe mwapeza pa tepi, komanso ngati nsambo zimadutsa m'thupi kapena zimakoleka pa bridge. Mukaika chithunzi cha mutu ndi cha bridge pano, ndikuuzani seti yoyenera musanatulutse ndalama.