Thupi likuchepa, zovala zakhwepa: musadikire kuti mudzagule pa mapeto

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati mwakhala mukuchepetsa thupi kwa miyezi ingapo, zovala zanu zakale zayamba kulendewera, koma mukuopa kugula zina poti ulendo ukadalipo ndipo zatsopanozo zikhozanso kukukulirani posachedwa. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungopirira ndi zakalezo mpaka mudzafike pa makilogalamu amene mukufuna. Poyamba ndikuyamikireni, chifukwa ntchito mwagwirayo si yamasewera. Koma pa funso lanulo ine ndikuti ayi, musapirire. Livekeni thupi limene muli nalo lero. Sikuti mudzaze wadiropu, ayi, koma mukhale ndi zovala zochepa zokukwanani bwino pa msinkhu uliwonse wa ulendowu.

Chifukwa chake n'chakuti kuchepetsa thupi mosamala kumatenga nthawi. Azaumoyo amalangiza kuti munthu azitsika ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata. Ndiye amene akufuna kuchotsa makilogalamu 20 akunena za miyezi 5 mwinanso mpaka 10, ndipo nthawi zambiri zimapitirira pamenepo chifukwa pamakhala masabata ena amene sikelo imangoima osasuntha. Nthawi yonseyo mukupita kuntchito, kumisonkhano, kukacheza ndi abale. Simungakhale chaka chathunthu mukukoka siketi m'mwamba mukangoyenda pang'ono, kapena kumanga buluku ndi phini. Zimenezi zimatopetsa mtima, ndipo chovala chachikulu chimabisa ntchito yonse imene mwagwira. Mukadziyang'ana pagalasi mumaona ngati palibe chasintha, pamene thupi lasintha kwambiri. Ambiri amagwa mphwayi chifukwa cha zimenezi.

Palinso msampha wina, wogula diresi yaying'ono n'kuipachika kuti "ndidzavala ndikadzaonda". Ine sindiukonda mpang'ono pomwe. Mafuta sachoka pamalo pamene inu mwasankha. Chibadwa ndi mahomoni ndi zimene zimalamula, mwakuti wina amayamba kuchepa nkhope ndi chifuwa pamene mimba ikuchedwa, wina amachepa m'chiuno koma mbina ndi ntchafu zili pomwepo. Simungadziwiretu kuti thupi lanu lidzaoneka bwanji. Diresi ija ikhoza kudzakukwanani m'chiuno koma n'kukhwepa pachifuwa, ndalama n'kukhala zapita pachabe. Ndiponso kuiona tsiku ndi tsiku isakukukwanani kumangokupwetekani mtima.

Poti thupi silichepa mofanana paliponse, pa nthawi ino zovala zapadera, bulauzi payokha siketi kapena buluku payokha, zimathandiza kuposa diresi yogwira thupi kapena suti. Mukhoza kupezeka kuti kumtunda mukuvala saizi ina, kumunsi saizi ina, ndipo palibe cholakwika chilichonse pamenepo.

Koma yambirani mkati. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri timanyalanyaza. Mawere ali ndi mafuta ambiri, choncho thupi likamachepa nawonso amasintha, ndipo chifuwa chimachepa kuzungulira kwake. Bra imagwira mawere makamaka ndi lamba wake wozungulira pansi pa chifuwa, osati ndi zingwe za m'mapewa. Imani cham'mbali pagalasi muone kumbuyo. Ngati lambayo wakwera m'mwamba kulowera kumapewa m'malo mokhala mowongoka, wakula. Ngati pamwamba pa makapu patsala mpata kapena nsalu yachita makwinya, makapu akula. Zikatero munthu amayamba kukoka zingwe za m'mapewa kuti zithine, madzulo n'kupeza mapewa adindika mizere ndipo khosi likuwawa. Bulauzi ngakhale yokongola bwanji singakhale bwino pamwamba pa bra yotere.

Nthawi zonse amati pogula bra muzikola pa ngowe yakunja, yokhwepa kwambiri, kuti ikamakalamba muzisunthira mkati. Kwa inu amene mukuchepa langizo limeneli n'lofunika kawiri, chifukwa ngowe zamkatizo ndi zimene zikupatseni miyezi ina yoivala. Dziwaninso kuti chilembo cha kapu chimayendera limodzi ndi nambala ya lamba. Kapu ya 38C ndi ya 36D zimatenga pafupifupi mofanana. Ndiye ngati lamba yekha ndi amene wakula koma makapu akukukwanani, tsikani saizi imodzi ya lamba n'kukwera chilembo chimodzi. Ziwiri zokwana bwino n'zokwanira pa nthawi ino, imodzi ikachapidwa muvale inayo. Mapanti nawonso asinthidwe akayamba kuterereka. Amenewa sitipita nawo kwa telala.

Chachiwiri ndi chiuno, chifukwa ndi chimene chimasintha kwambiri. Sankhani zovala zimene chiuno chake chimatha kutsatira thupi: siketi ya lasitiki, buluku la chingwe chomanga, diresi yokulunga yomangira pambali. Diresi yokulungayi inatchuka kwambiri m'ma 1970 kudzera mwa wokonza mafashoni Diane von Furstenberg, ndipo ubwino wake kwa munthu amene akuchepa n'ngwakuti mumangokoka chingwe pang'ono n'kumanga, diresi yomweyo n'kukutumikirani pa masaizi awiri. Lamba wabwino mmodzi nayenso amapulumutsa zovala zambiri. Shati kapena diresi imene yakula pang'ono ikamangidwa lamba imaonetsa pamene pali chiuno. Lamba woluka uja ndiye wabwino koposa, poti alibe mabowo owerengeka, chitsulo chimalowa paliponse. Wachikopa akakula sikuti watha, amangofunika kubooledwa bowo lina.

Tsopano za telala. Musanataye chovala chimene mumachikonda, kamuonetseni kaye. Kubweza chovala n'kosavuta kusiyana ndi kuchikulitsa, ndiye inu muli kumbali yabwino. Siketi yowongoka, bulauzi, diresi yopanda zokongoletsa zambiri, zonsezi zimabwezeka m'misoko ya m'mbali. Buluku amalibweza pa msoko wa kumbuyo, koma pali malire ake. Mukapitirira masentimita pafupifupi 5, matumba akumbuyo amayamba kuyandikana pakati ndipo a m'mbali amathawira kumbuyo, buluku n'kumaoneka lokhota. Chimene chimavuta kwambiri ndi mapewa. Jekete imene msoko wake wa paphewa watsetserekera pamkono imafuna kuphwasulidwa yonse, ndipo kawirikawiri ntchitoyo siyenerana ndi mtengo wa jeketeyo. Mukapita kwa telala valani bra ndi nsapato zimene mudzavalire chovalacho. Akabaya mapini musangoima njo, khalani pampando, kwezani manja, weramani ngati mukutola chinthu. Ndipo muwapemphe kuti asadule nsalu yonse yotsala mkati mwa msoko, asiyeko pang'ono. Thupi limatha kubwerera pang'ono, ndipo kansalu kameneko kadzakuthandizani.

Pa nsalu, yang'anani kapepala kamene kamasokeredwa mkati. Mukaona mawu akuti elastane, spandex kapena Lycra, n'chinthu chimodzi chomwecho, ulusi wotanuka umene unapangidwa ku kampani ya DuPont ku America cha m'ma 1958. Ulusi umenewu ukakhalamo pang'ono chabe, monga 2 kapena 3 peresenti mu jinzi, chovala chimatanuka n'kubwerera, choncho chimakukwananibe ngakhale mutachepa pang'ono. Koma umadana ndi kutentha ndiponso mankhwala oyeretsera zovala a bulichi. Mukamachapa m'madzi otentha kwambiri kapena kusita ndi simbi yotentha kwambiri umafooka, ndipo mpamene mumaona buluku latupa m'mawondo osabwereranso. Nsalu zoluka ngati za matisheti nazonso zimalolera kusintha kwa thupi kuposa nsalu zolimba zosatanuka.

Nambala ya saizi isakusokonezeni mutu. Makampani sayeza mofanana, mwakuti 14 wa kampani ina akhoza kufanana ndi 16 wa kampani ina, ndipo mayiko nawonso amawerenga mosiyana. Chodalirika ndi tepi ya telala. Kamodzi pa masabata atatu kapena anayi, m'mawa musanadye, yezani pachifuwa, pansi pa mawere, m'chiuno ndi pambina, n'kulemba mufoni. Chiuno chimayezedwa pakati pa nthiti yomaliza ndi pamwamba pa fupa la m'chiuno, mutapuma mwachibadwa osakokera mimba mkati. Manambala amenewa ndi amene mupite nawo kogula, makamaka ngati mukugula pa intaneti. Tepi imathanso kukuonetsani kuti mukuchepa pa sabata imene sikelo yaima. Kumbukiraninso kuti thupi limatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m'masiku ochepa chifukwa cha madzi okha, makamaka msambo ukayandikira. Tsiku lotero si loyezera zovala, ndipo buluku likathina tsiku limenelo sikuti mwabwerera m'mbuyo.

Chovala chokwana n'chimene mungalowetse zala ziwiri m'chiuno mwake mutakhala pansi. Chothina kwambiri chili ndi mavuto ake enieni. Chikapanikiza mimba chimatha kuutsa chilungulira, ndipo lamba kapena jinzi yothina pa fupa la m'chiuno imatha kufinya mtsempha, ntchafu n'kumachita dzanzi kapena kuotcha chakunja kwake. N'chimodzimodzi zovala zamkati zofinya mimba zija. Kuvala pa mwambo wa maola ochepa palibe vuto, koma sizichotsa mafuta ngakhale pang'ono, ndipo si za tsiku ndi tsiku.

Pali nkhani ina imene anthu amachita nayo manyazi, ya khungu. Munthu akachepa kwambiri, makamaka ngati anakhala wonenepa zaka zambiri, khungu silibwerera msanga, mwina silibwereranso lonse. Limatha kulendewera pamimba, m'mikono ndi m'ntchafu. Pamene khungu lapindana, monga pansi pa mawere kapena pansi pa mimba, pamasunga thukuta, ndipo pamatha kunyuka, kufiira ndi kuyabwa, nthawi zina mafangasi n'kulowererapo. Mukasamba pukutani bwinobwino malo amenewa, ndipo chovala chokhudza khungu chikhale cha thonje kapena cha nsalu youma msanga, musinthe mukangomaliza masewera olimbitsa thupi. Panti wa chiuno chokwera amagwira mimba mofatsa, pamene wotsika uja lasitiki wake amakalowa m'pindo momwemo n'kumacheka. Ngati ntchafu zikukhulana mukamayenda, kakabudula kopyapyala kogwira thupi pansi pa siketi kamathetsa vutolo, ndipo kudzola Vaseline pang'ono kumathandiza. Pakanyuka osapola, kapena payamba kununkha, pitani kuchipatala. Ndi vuto lodziwika ndipo mankhwala ake alipo.

Zina zing'onozing'ono zimabwera modzidzimutsa. Mphete imayamba kuzungulira pachala, ndipo imatha kuvuka osadziwa pochapa kapena posamba, choncho isungeni kaye kapena ikani pa tcheni cha m'khosi. Kuichepetsa mudzachite thupi likakhazikika. Nsapato zina zimakhwepa chifukwa phazi nalo limaphwa, ndiye zomanga ndi zingwe zimathandiza. Ambiri amayambanso kumva kuzizira kuposa kale, moti juzi yopepuka yotsegula kutsogolo ndi yofunika kukhala nayo. Ubwino wake sioneka yachilendo ngakhale itakula pang'ono.

Ndiye mugule zingati? Ine ndingati zamunsi ziwiri kapena zitatu za mtundu wosavuta kuphatikiza, monga wakuda kapena wabuluu woderako, zakumtunda zinayi kapena zisanu zogwirizana ndi zamunsizo, ndi chovala chimodzi chotchenera pa mwambo. Zisakhale zodula, poti ndi zongodutsira. Zovalidwapo kale zili bwino kwambiri pa nthawi ngati ino, ndipo ngati muli ndi mnzanu kapena m'bale wa thupi loyandikana ndi lanu, kusinthana zovala kumapepuza thumba. Zodula monga suti, jekete yabwino kapena diresi yosoketsa mwapadera zidikire mpaka sikelo itakhala pamalo amodzi kwa miyezi ingapo.

Zakale zija musazisiye zitasakanikirana ndi zokukwanani, chifukwa m'mawa uliwonse muzitaya nthawi kuyesa ichi n'kuvula, kuyesa icho n'kuvula. Patulani zopita kwa telala, ndipo zimene zakula kwambiri mupatse ena kapena mugulitse kuti ndalamayo ithandize kugulira zina. Ena amanena kuti mutaye zonse kuti musadzanenepenso. Ine sindigwirizana nazo. Kubwererako makilogalamu angapo kumachitikira anthu ambiri, ndipo si chinthu chodzilangira. Sungani ziwiri kapena zitatu za saizi imodzi pamwamba pa yanu, muziike m'chikwama patali ndi maso.

Abambo amene mukuwerenga nawo, zambiri mwa izi zikukukhudzaninso. Kwa inu choyamba kuonekera ndi kolala ya shati imene yasiya mpata waukulu m'khosi, ndi buluku lokwinyika pansi pa lamba chifukwa chokokedwa kwambiri. Shati imabwezeka m'mbali ndi kumsana, koma kolala ikakula pamafunika shati ina.

Chomaliza, achemwali, zonsezi ndalemba poganiza kuti mukuchepa mwadala monga mwanenera. Koma ngati pali wina mwa owerenga amene zovala zikumukhwepa asanasinthe kadyedwe kapena kuyamba masewera, makamaka ngati watsika ndi 5 peresenti ya kulemera kwake kapena kuposa m'miyezi 6 mpaka 12, asayambire kwa telala. Ayambe wapita kuchipatala akamuyeze, chifukwa matenda monga a shuga, TB ndi a chithokomiro amatha kuyamba choncho.