Nyimbo za ana zimene makolo nawonso sangatope nazo

Mayi wina wa ku Kapata kuno ku Chipata watilembera imelo. Ali ndi ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 7. Akuti nyimbo za ana za pa YouTube zawafika pakhosi: n'zachingerezi zokhazokha, zimangobwereza chimodzimodzi, ndipo bandulo sichedwa kutha. Akati ayatse nyimbo zawo za akuluakulu, wamkuluyo amaloweza mawu osayenera n'kumakaimba pa anthu. Funso lawo n'lakuti, nyimbo zoti banja lonse lizisangalala nazo angazipeze kuti?

Amayi, tisanafike kokazipeza, tiyambe ndi kayesedwe kake. Mverani nyimboyo kawiri, zimitsani foni, muyese kuimba pakamwa. Ngati mbali yobwerezabwereza ija ikutuluka yokha ndipo mwana akutha kukuvomerani, nyimboyo ndi yabwino. Ngati zonse zathera pomwe foni yazimira, ndiye kuti chimene chimamukoka mwanayo ndi zithunzi, osati nyimbo.

Pali zifukwa zimene nyimbo zina zimakanikira ana. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amakwanitsa bwino manotsi 5 kapena 6 oyandikana. Amene amaimba kiyibodi kutchalitchi angakuonetseni, ndi kuchokera pa D kufika pa A kapena B, pamwamba pa C wapakati. Nyimbo yodumpha kuchoka pansi kupita m'mwamba kwambiri imamusiya m'njira, n'kuyamba kungolankhula mawuwo kapena kukuwa. Vuto lina timalibweretsa ndife akuluakulu, makamaka abambo: timayambira nyimbo pansi kwambiri, mwana n'kumasowa polowera. Msiyeni mwanayo ayambitse, inu mumutsatire pamene wayambirapo. Kutalika kwake, mphindi 2 kapena 3 n'zokwana kwa wamng'onoyo.

Pa ana osiyana misinkhu ngati anuwa, palibe choposa nyimbo za wotsogolera ndi ovomera, zomwe ndi kaimbidwe kathu ka makolo. Wa zaka 7 atenge mbali yotsogolera, imene ili ndi mawu ambiri osinthasintha. Wa zaka 3 azivomera kachidutswa kamodzi komweko. Inu muziomba m'manja kapena kuika mawu achiwiri pansi pake. Aliyense ali ndi ntchito yolingana ndi msinkhu wake, n'chifukwa chake wamkulu satopa.

Tsono kokazipeza. Malo oyamba ndi kwa agogo, azakhali ndi amayi achikulire a m'dera lanu, ndipo apa tikhalitsapo chifukwa ambiri amapita n'kubwerako chimanjamanja. Mukangofika n'kunena kuti "agogo, tiimbireni nyimbo ya ana," yankho lake limakhala lakuti "ndinaiwala." Apempheni nthano. Akangoti "padangokhala," ana n'kuvomera "tili tonse," nyimbo imabwera yokha pakati pa nthanoyo, chifukwa nthano zathu zambiri zili ndi nyimbo m'kati. Njira ina n'kufunsa molunjika ntchito: munkaimba chiyani potonthoza bambo a anawa? Nanga posewera kukawala mwezi? Nanga pochita chitelele muli atsikana? Funso lotere limawakumbutsa zimene anaiwala, ndipo mukakhala ndi agogo awiri pamodzi amakumbutsana, wina akayamba mnzake n'kumalizitsa.

Jambulani mawuwo pa foni, koma mwadongosolo. Tsekani netiweki kuti wina asaimbe foni pakati pa nyimbo. Foniyo musaigwire m'manja, zala zimachita phokoso. Iikeni pa mpando, pamwamba pa chitenje chopinda, masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pakamwa pa woimba. Oomba m'manja akhale chapatali pang'ono, apo ayi mudzangomva kuomba kokhakokha. Chipinda cha simenti chopanda katundu chimabweza mawu, panja mphepo imawaphimba, ndipo mvula ikamagwa pa malata ingodikirani. Nyumba ya udzu kapena chipinda chokhala ndi matilesi ndi makatani ndiye pabwino. Nyimbo iliyonse ijambulidwe payokha ndipo muilembe dzina nthawi yomweyo, chifukwa pakatha mwezi simudzadziwanso kuti iti ndi iti. Musanatumize pa gulu la WhatsApp la pachibale, pemphani kaye kwa eni mawu.

Funsaninso tanthauzo. Si nyimbo iliyonse yachikale imene ili ya ana. Za kuchinamwali ndi za kudambwe zili ndi malo ake ndi eni ake, ndipo zambiri za pamtondo, ngakhale zimakoma, zimakhala zodandaula za mwamuna kapena zolasa mkazi mnzake. Agogo akaseka n'kunena kuti "iyi n'ja akuluakulu," amvereni. Ndipo ngati agogowo amaimba mu Chinsenga cha ku Petauke kapena Chitumbuka cha ku Lundazi, musaisinthe nyimboyo kuti ikhale ya Chinyanja cha m'tauni. Ana aiphunzire momwe iliri.

Malo achiwiri ndi aphunzitsi a Sande sukulu, a kwaya ya ana ndi a sukulu ya mkaka. Amenewa nyimbo zawo zinayesedwa kale pa ana ambirimbiri, zosagwira zinagwa zokha. Pemphani mphindi 10 akaweruka, mujambule nyimbo zitatu pamodzi ndi manja ake, chifukwa nyimbo zoterezi theka lake lili m'kulozaloza ndi kudumpha. Ku wailesi nako musanyozeko: funsani ku Breeze FM, ku Radio Maria kapena ku Radio 1 ya ZNBC ngati ali ndi pulogalamu ya ana ya m'chinenero chathu ndi nthawi yake. Wailesi ili ndi ubwino wakuti ilibe choonera.

Pa intaneti pali chuma chimene ambiri sachidziwa. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayenda m'mayiko a kuno kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zinasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954, yomwe lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Lembani dzina lake pamodzi ndi mawu akuti Chewa, Nyanja kapena Tumbuka, mudzapeza zina mwa nyimbozo, za kalimba, za bangwe, za ng'oma. Sizinajambulidwe poganizira ana, choncho muzisefe monga tanenera, koma nyimbo ya kalimba yodekha imagwira bwino ntchito madzulo.

Nyimbo zanu za akuluakulu musazitaye. Kalindula, nyimbo zauzimu za makwaya ndi zoimbidwa ndi zipangizo zokha, ana amavina nazo bwino kwambiri. Lamulo n'limodzi: imvereni nokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza ana asanaimve. Mawu oipa kawirikawiri sakhala m'kolasi, amabisala m'ndime yachiwiri kapena yachitatu, kapena mwa woimba wachiwiri amene amalowa chakumapeto. Ngati ili m'chinenero chimene simuchimva bwino, funsani wochidziwa. Chenjeraninso ndi nyimbo zonena za chakudya kapena galimoto pamene zikutanthauza za kuchipinda. Wa zaka 7 sazimva lero, koma anzake a kusukulu adzamumasulira.

Mukasankha, zisonkhanitseni pa memory card kapena pa flash. Mukapita kwa anyamata oika nyimbo pa msika, musangoti "ndiikireni za ana," chifukwa mudzalandira mulu wa mavidiyo osakanikirana ndi zina zimene simunapemphe. Pitani ndi mndandanda wolemba, khadi likhale lopanda kanthu, ndipo nenani kuti mukufuna MP3, osati vidiyo. MP3 wamba amadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye kuti nyimbo 30 za mphindi zitatuzitatu sizifika ndi 100 MB pomwe. Kwaya ya kwanu ikamagulitsa nyimbo zake, gulani kwa eni ake, kuti mawa adzajambulenso zina. Nyimbo 20 mpaka 30 n'zokwana poyambira. Zigaweni m'mafoda atatu, za m'mawa pokonzekera sukulu, zovina masana, ndi zogonera. Mukazisakaniza, kalindula amadzalira mwana atangoyamba kusinza, tulo n'kubalalika.

Chifukwa chimene tikuumirira pa mawu okha n'chakuti bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, m'malangizo ake a 2019, linati mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mavidiyo a nyimbo za ana ambiri amalumikizidwa kukhala ola lathunthu, ndipo ina ikatha ina imayamba yokha. Ngati mukufunabe YouTube, zimitsani autoplay, sankhani nyimbo imodzi, foni muivundikire pa tebulo kapena muilumikize ku kasipika ka Bluetooth.

Za phokoso tinenepo mosabisa, chifukwa khutu likaonongeka ndi phokoso silibwereranso. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo, ndipo malire a WHO kwa ana ndi madesibelo 75 kwa maola 40 pa sabata. Popanda chipangizo choyezera, chitani izi: imani mita imodzi kuchokera pamene pali mwana, mulankhule naye mwachizolowezi. Ngati mukufunika kukweza mawu kuti akumveni, tsitsani. Mahedifoni asiyeni, sipika ndiyo yabwino popeza mukumvera limodzi. Ku ukwati, ku kitchen party kapena ku msonkhano, musaime pafupi ndi zimasipika muli ndi khanda kumbuyo. Chimodzimodzi mukawatengera ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February kapena ku Kulamba ku Mkaika mu August: akaone ng'oma ndi magule, n'zofunika ndithu, koma khalani kutali ndi zokuzira mawu.

Kubwereza kumene kwakutopetsaniko, mwana wa zaka 3 amakufuna, ndi mmene amaphunzirira mawu ndi kuyembekezera chimene chikubwera. Musalimbane nako, kusintheni pang'onopang'ono. Ikani dzina la mwanayo m'nyimbo, kenako la mkulu wake, kenako la galu. Imbani mofulumira, kenako mochedwa, kenako monong'ona. Muzisankha mosinthana, imodzi ya mwana, imodzi ya amayi. Nyimbo yatsopano ikhale imodzi pa sabata, ndipo muziilowetsa pakati pa ziwiri zimene akuzidziwa kale. Kuti manja akhale ndi chochita, tengani botolo la pulasitiki la 500 ml louma bwino, thiranimo masupuni awiri a chimanga kapena nyemba, tsekani mwamphamvu n'kukulunga chitsekerocho ndi tepi, chifukwa wamng'onoyo akatsegula akhoza kumeza njere kapena kuiika m'mphuno. Mukadzaza kwambiri silira. Njere zimafuna malo odumphira. Chigubu cha malita 20 chopanda madzi chimakhala ng'oma ya wamkuluyo.

Tatsala ndi nyimbo ija imene wa zaka 7 analoweza kale. Musamumenye ndipo musaseke akamaimba, zonse ziwirizi zimamuonetsa kuti mawuwo ali ndi mphamvu, ndiye amawabwereza dala. Muuzeni kamodzi, modekha, kuti mawu amenewo ndi a akuluakulu ndipo pakhomo pano sitiwaimba. Kenako khalani naye pansi mupeke mawu ena pa chuni chomwecho, onena za sukulu, za mpira kapena za mng'ono wake, iye ndiye azitsogolera popeka. Chimene chinamugwira ndi chunicho, ndipo mawu amene wapeka yekha ndi amene amafulumira kubwera pakamwa. Nyimbo yoyambayo ichotseni pa foni imene ana amagwira, ndipo auzeni abambo awo ndi ena onse a pakhomo kuti asamaiyatse ana ali pompo.